Mbiri ya South Park: Ana a Mapepala Amene Ananyoza Akuluakulu

MAU OYAMBA

Anthu ambiri akaona zithunzi zojambula zirikuyenda ndi kulankhula pa wailesi ya kanema, zimene tizitcha makatuni, afulumira kunena kuti zimenezo nza ana, ndipo kholo lisiya mwana wake patsogolo pa kanemayo mtima uli m'malo. Maganizo otere ngolakwa, ndipo mphunzitsi sayenera kukhala nao. Alipo makatuni opangira anthu akuluakulu okhaokha, odzala ndi zolaula, mwano, ndi mau olasa atsogoleri a maiko, a mipingo ndi anthu otchuka. Mwa onsewo, amene amveka koposa chifukwa cha kusaopa munthu ndiwo a South Park, a ku United States of America, amene anayamba kuonetsedwa m'chaka cha 1997.

M'nkhani ino tifuna kulondola mbiri ya sewero limeneli kuyambira pa tsinde pake. Sitirikuuza munthu kuti akaliwonere, pakuti zambiri ziri m'menemo sitingathe kuzilemba pa tsamba lino. Tifuna kuti mbiriyo itithandize kuyankha funso lakalekale limene mphunzitsi aliyense akomana nalo pa bwalo la sukulu: kodi kuseka munthu kukhala kwabwino liti, ndipo kusanduka nkhanza liti? Tidzaona kuti nthabwala iyesedwa ndi zinthu ziwiri, ndizo munthu amene yamgwera, ndi chimene woinenayo angataye chifukwa cha kuinena.

MAKATUNI ASANAKHALE A ANA

M'zaka za m'ma 1930, wailesi ya kanema isanalowe m'nyumba za anthu, makatuni anali kuonetsedwa m'nyumba zazikulu zoonetsera kanema, filimu yeniyeni isanayambe, ndipo oonera anali a misinkhu yonse. Ojambula sanali kuganizira ana okha iai. Betty Boop, amene abale a banja la Fleischer anamtulutsa mu 1930, anali namwali wovala zazifupi ndi wokopa amuna. Koma malamulo oletsa zonyansa m'mafilimu, otchedwa Hays Code, atayamba kulimba mu 1934, anamveka diresi lalitali namsandutsa mkazi wofatsa. Kampani ya Warner Brothers nayo inali kujambula anthu otchuka a ku Hollywood mowakhotetsa, monga m'katuni ya 1941 yotchedwa Hollywood Steps Out, m'mene Clark Gable anampatsa makutu aakulu, ndi Greta Garbo mapazi aatali.

Wailesi ya kanema itafala m'zaka za m'ma 1950, eni ake anagula makatuni akale aja nayamba kuwaonetsa masana ndi Loweruka m'mawa, nthawi imene ana ali pakhomo. Apa mpamene panamera maganizo akuti katuni nchinthu cha ana. Ngakhale zinali choncho, The Flintstones, imene inayamba mu 1960 ndi kutha mu 1966, inali kuonetsedwa madzulo kuti banja lonse lione, ndipo pa zaka zake zoyamba inali kutsatsa malonda a fodya wa Winston.

Kusintha kwakukulu kunadza pa 17 Disembala 1989, pamene wailesi ya Fox inayamba kuonetsa The Simpsons, ntchito ya Matt Groening, yonena za banja la bambo waulesi ndi mwana wamwano. Anthu ena anakhumudwa nalo kwambiri, kotero kuti mu Januwale 1992 Pulezidenti George H. W. Bush ananena poyera kuti afuna mabanja a ku Amereka asafanane ndi banja limenelo. Mu 1993 panadza Beavis and Butt-Head wa Mike Judge pa wailesi ya MTV. Chaka chomwecho, ku Ohio, mwana wa zaka 5 anayatsa moto umene unapha mlongo wake wamng'ono, ndipo mai wake anati mwanayo anatengera za m'katuniyo. A MTV anasuntha seweroli kuti lidzioneka usiku, nachotsamo zonse zonena za moto. Chotero pamene South Park inali kubadwa, mkangano wonena za makatuni ndi ana unali utayamba kale.

ANYAMATA AWIRI NDI SIZASI

Trey Parker anabadwa mu 1969, ndi Matt Stone mu 1971. Onse awiri anakulira m'chigawo cha Colorado, nakomana pa sukulu ya ukachenjede ya ku Boulder. Mu 1992, pokhala opanda ndalama, anatenga mapepala amitundumitundu, sizasi ndi zomatira, nadula timaonekedwe ta ana, nayamba kutijambula ndi kamera, kutisuntha pang'ono, ndi kujambulanso, kufikira titaoneka ngati tirikuyenda. Kafilimuko anakatcha The Spirit of Christmas. Mkulu wina wa ku Fox, Brian Graden, atakaona, anawapempha mu 1995 kuti ampangire kena koti atumizire abwenzi ake pa Khrisimasi. Abwenziwo anayamba kukopera matepi ndi kupatsirana, kenaka kanalowa pa intaneti, imene masiku amenewo inali yachilendo, ndipo maina a anyamata awiriwo anadziwika ku Hollywood konse.

Wailesi ya Comedy Central, imene inali yaing'ono nthawi imeneyo, inawatenga, ndipo gawo loyamba linaonetsedwa pa 13 Ogasiti 1997. Gawo lokhalo ndilo linapangidwa ndi mapepala enieni, ndipo linatenga pafupifupi miyezi itatu. Magawo otsatira anapangidwa pa kompyuta, koma eni ake analamula kuti zithunzi zizionekabe ngati mapepala odula ndi manja, mitu yobulungira, miyendo yosapindika, anthu oyenda modumphadumpha. Seweroli analipatsa chizindikiro cha TV-MA, chosonyeza kuti nla akuluakulu okha. Poyamba pa gawo lirilonse pamaoneka mau ochenjeza mwachipongwe, onena kuti anthu onse a m'menemo ngongopeka, ngakhale amene atengedwa kwa anthu enieni, kuti mau a anthu otchuka angowatsanzira mosalongosoka, ndi kuti seweroli siliyenera kuonedwa ndi munthu aliyense.

CHIFUKWA CHAKE ANASANKHA ANA

South Park ndi dzina la chidikha chenicheni cha pakati pa mapiri a ku Colorado, koma mudzi wa m'seweroli ngwongopeka. Eni nkhani ndi anyamata anai amene poyamba anali a m'kalasi lachitatu, ndipo mu 2000 anakwera kunka m'lachinai. Stan Marsh ndi mwana wamba wa maganizo abwino. Kyle Broflovski ndi Myuda, ndiye chikumbumtima cha gululo. Kenny McCormick ndi mwana wa banja losauka, amene m'zaka zisanu zoyamba anali kufa imfa yoopsa pafupifupi m'gawo lirilonse, ndi kuonekanso wamoyo sabata yotsatira, popanda munthu wodabwa kapena wolira maliro. Wachinai ndi Eric Cartman, mwana wolemerera, wadyera, wabodza, wodana ndi Ayuda, osauka ndi aliyense wosiyana naye.

Mphamvu ya seweroli yagona pa kusankha ana kumeneku. Mwana afunsa funso limene wamkulu achita nalo manyazi, ndipo anena poyera chimene anamva makolo akunong'ona. Akuluakulu a m'mudzimo ndiwo opusa: akamva mphekesera athamangira ku bwalo chipiringu, nayamba kufuula asanamvetse nkhani. Mphunzitsi wa anawo, Mr. Garrison, anali kuphunzitsa zabodza kudzera m'chidole chovala ku dzanja. Munthu yekha amene anawo anali kumdalira pa uphungu anali Chef, wophika chakudya cha pa sukulu, amene mau ake anali a woimba wotchuka Isaac Hayes. Nthawi zambiri gawo likamatha, Stan kapena Kyle anali kuimirira nafotokozera akuluakulu chimene waphunzira tsikulo.

Makolo ndi akuluakulu a masukulu atayamba kudandaula, Parker ndi Stone anawayankha ndi filimu ya 1999 yotchedwa South Park: Bigger, Longer & Uncut. M'menemo ana aphunzira kutukwana ataona filimu ya ku Canada, ndipo makolo ao, m'malo mokhala pansi ndi ana aowo, autsa nkhondo pakati pa Amereka ndi Canada. Nyimbo ina ya m'filimuyo inafika pa mndandanda wa zopikisana pa mphotho ya Oscar.

MASIKU ASANU NDI LIMODZI

Kuphweka kwa zithunzi kunabala phindu limene eni ake sanaliyembekeze. Gawo limodzi la The Simpsons litenga miyezi yambiri, pakuti ntchito yaikulu yojambula ichitikira kutali, ku South Korea. Koma a South Park anazolowera kuyamba gawo Lachinai ndi kulipereka ku wailesi Lachitatu, patangotsala maola owerengeka kuti lionetsedwe, monga filimu ya 2011 yotchedwa 6 Days to Air ionetsa. Chotero anatha kuseka nkhani ikali yamoto m'kamwa mwa anthu. Saddam Hussein anagwidwa m'dzenje pa 13 Disembala 2003, ndipo pa 17 Disembala anaoneka m'dzenje lomwelo m'seweroli. Pa 5 Novembala 2008, tsiku limodzi chichitikire chisankho, anaonetsa Barack Obama akulankhula mau a chipambano chake.

Liwiro lotere liri ndi zoopsa zake. Mu Okutobala 2013 magetsi anazima ku nyumba yao yogwirira ntchito, ndipo gawo silinathe pa nthawi yake. Mu Novembala 2016 anali atakonza gawo poyesa kuti Hillary Clinton ndiye adzapambane, ndipo atapambana Donald Trump anachezera kulikonzanso. Choopsa chachikulu koposa nchakuti munthu wolemba mofulumira alibe nthawi yakufunsa ngati muvi wake ulikupita kwa woyenera. Tidzabwerera ku mfundo imeneyi.

ANTHU OTCHUKA

Masewero ena a mtundu uwu anyadira pamene munthu wotchuka avomera kudzalankhulamo. A South Park anatembenuza mwambo umenewu. George Clooney, mmodzi wa anthu amene anathandiza kufalitsa kafilimu kao ka Khrisimasi, anampatsa mu 1997 ntchito ya kuuwa ngati galu. Mu 1998 anasandutsa woimba Barbra Streisand chirombo chachitsulo chogumula nyumba. Mu 2009 anaonetsa Kanye West ngati munthu wodziyesa wanzeru koposa onse, amene alephera kumva nthabwala ya ana a sukulu. Mu 2023 anajambula kalonga ndi mkazi wake, amene aliyense anazindikira kuti ndi Harry ndi Meghan a ku Britain, akuyendayenda m'maiko ndi zikwangwani ndi phokoso, kupempha kuti anthu aleke kuwayang'ana.

Kuseka anthu otere kuli ndi ntchito yake m'dziko limene munthu woimba kapena wochita masewero amvedwa ngati mneneri pa nkhani zimene sazidziwa. Ndipo ngakhale akatswiri a za kanema anavomereza luso lake, pakuti seweroli linalandira mphotho ya Emmy koyamba mu 2005, ndi ya Peabody mu 2006. Koma kunyoza woimba nkosavuta, popeza woimba alibe asilikali kapena ndende. Kulimba mtima kwa wonyoza kuoneka pamene wakhudza anthu okhoza kumbwezera.

PAMENE CHIPONGWE CHINAKOMANA NDI MANTHA

Pa 16 Novembala 2005 anaonetsa gawo lotchedwa Trapped in the Closet, lonena za mpingo wa Scientology, umene L. Ron Hubbard anauyambitsa m'zaka za m'ma 1950, ndi umene udziwika ndi kusumira owunyoza. Gawolo linaulula ziphunzitso zimene mpingowo uzisunga mwachinsinsi, ndipo linaonetsa Tom Cruise, mmodzi wa anthu ake otchuka, atadzitsekera m'kabati ya zovala nakana kuturuka. Pa mapeto pake, maina onse a ogwira ntchito anawalemba kuti John Smith ndi Jane Smith, ngati anthu obisala oweruza. Mu Malichi 2006 kunamveka kuti Isaac Hayes, amene anali wa mpingo womwewo, wasiya ntchito chifukwa seweroli linyoza zipembedzo. Matt Stone anayankha kuti Hayes sanadandaulepo zaka zonse zimene anali kuseka Akhristu ndi ena. Mwezi womwewo Comedy Central inachotsa gawolo pa tsiku limene linayenera kubwerezedwa. Manyuzipepala analemba kuti Cruise ndiye anaumiriza, popeza filimu yake yatsopano inali ya kampani ya Paramount, imene mwini wake, Viacom, analinso mwini wa Comedy Central. Koma omlankhulira anakana. Hayes anamwalira mu 2008, ndipo mu 2016 mwana wake ananena kuti atate wake anali atadwala matenda ofa ziwalo nthawi imeneyo, ndi kuti anthu ena owazungulira ndiwo anawasiyitsa ntchito.

Nkhani yachiwiri inali yolemera koposa. Asilamu ambiri akhulupirira kuti nkosaloleka kujambula chithunzi cha Mneneri Muhammad. Mu Julayi 2001 seweroli linamjambula pamodzi ndi atsogoleri a zipembedzo zina, ndipo sipanakhale phokoso. Koma nyuzipepala ya ku Denmark, Jyllands-Posten, itasindikiza zithunzi zomnyoza mu Sepitembala 2005, kunabuka ziwawa m'maiko ambiri ndipo anthu anafa. Chotero mu Epulo 2006 Comedy Central inakana kuonetsa chithunzi chake. Mu Epulo 2010, pa magawo otchedwa 200 ndi 201, kagulu kena kakang'ono ka ku New York, kotchedwa Revolution Muslim, kanalemba kuti Parker ndi Stone angathe kuona zimene anaona Theo van Gogh, wopanga mafilimu amene anaphedwa ku Amsterdam mu 2004. Eni wailesi anachita mantha, naphimba ndi kaphokoso dzina la Mneneriyo ponseponse, ndiponso mau onse otsiriza a Kyle. Parker ndi Stone anafotokoza pambuyo pake kuti mau a Kyle aja sanatchule Mneneriyo nkomwe, koma anali kunena za kuopseza ndi mantha. Zachary Chesser, amene analemba chiopsezocho, analamulidwa mu 2011 kukhala m'ndende zaka 25 chifukwa cha mlandu umenewu ndi ina.

Pano tiyenera kugwira mfundo ziwiri pamodzi. Kuopseza munthu ndi imfa chifukwa cha chithunzi nkulakwa kwakukulu kumene palibe angakuikire kumbuyo. Komanso wokhulupirira wamba, Msilamu kapena Mkhristu, amene amva kuwawa poona chinthu chopatulika kwa iye chitasanduka choseketsa, sali wolakwa chifukwa cha kuwawidwako, ndipo iye sindiye wamphamvu amene nthabwala iyenera kumtsitsa.

Nkhani yachitatu inadza pa 2 Okutobala 2019, ndi gawo lotchedwa Band in China. Linali kuseka makampani a ku Hollywood amene asintha mafilimu ao kuti akondweretse boma la China ndi kugulitsa malonda kumeneko. Linaonetsa Winnie the Pooh ali m'ndende, popeza ku China anthu ena anali kufanizira kachimbalangondo kameneko ndi Pulezidenti Xi Jinping. Patapita masiku owerengeka, South Park inafafanizidwa pa intaneti ya ku China. Eni ake analemba chipepeso chachipongwe, nati iwonso akonda ndalama koposa ufulu.

KUSEKA MWINI NYUMBA

Mau otsirizawa atifikitsa pa ndalama. Mu 2007 Parker ndi Stone anapangana ndi Viacom kuti adzigawana pakati phindu lotsatsa malonda pa intaneti, nthawi imene ambiri sanadziwe kuti kanema adzasamukira kumeneko. Mu Ogasiti 2021 anachita pangano la madola 900 miliyoni, ndipo mu Julayi 2025 kunamveka lina la madola 1.5 biliyoni la zaka zisanu ndi kampani ya Paramount.

Mwezi womwewo wa Julayi 2025, Paramount inali itavomera kulipira madola 16 miliyoni kuti ithetse mlandu umene Pulezidenti Donald Trump anasumira wailesi yake ya CBS chifukwa cha pulogalamu ya 60 Minutes. Nthawi yomweyo kampaniyo inali kudikira chilolezo cha boma kuti iphatikizane ndi kampani ya Skydance, ndipo inali italengeza kuti idzatseka pulogalamu ya Stephen Colbert, wanthabwala wodzudzula Trump. Pa 23 Julayi South Park inaonetsa gawo m'mene Trump asumira mudzi wonse wa South Park, anthu a m'mudzimo achita mantha nalipira, ndipo Trump mwini aoneka ali pa kama limodzi ndi Satana. Womlankhulira ku White House anayankha kuti seweroli linatha ntchito zaka zoposa 20 zapitazo. Tsiku lotsatira, pa 24 Julayi, boma linapereka chilolezo chija.

Kunyoza mwini nyumba uli m'nyumba mwake nkulimba mtima ndithu. Koma wophunzira mbiri aone bwino chimene chinawateteza. Kampani imene inaphimba mau ao mu 2010 inawalola mu 2025, ndipo tiyesa kuti chifukwa chachikulu nchakuti anali atasanduka ng'ombe ya mkaka imene mwini khola sangaiphe. Ufulu wa wonyoza, ngakhale m'dziko limene malamulo alola munthu kunena za kukhosi, uli ndi malire amene aikidwa ndi mantha ndi ndalama.

PAMENE MUVI UNALASA WOSALAKWA

Parker ndi Stone akonda kunena kuti aseka anthu onse mosasankha. Mau amenewa amveka olungama, koma mwala umodzi womwewo ukagwera njobvu ndi kugwera mwanapiye, zotsatira zake sizifanana. Mbiri itipatsa zitsanzo zitatu.

Mu 2006 anaseka Al Gore, amene anali wachiwiri kwa pulezidenti kuyambira 1993 kufikira 2001, chifukwa cha kuchenjeza kwake za kusintha kwa nyengo. Anamuonetsa akusaka chirombo chongopeka chotchedwa ManBearPig. Mu 2018, patapita zaka 12, anapanga magawo awiri m'mene chirombocho chioneka kuti nchenicheni, chirikupha anthu, ndipo anyamata aja akakamizika kupepesa kwa Gore. Kuvomera kulakwa nkwabwino, koma pa zaka zonsezo achinyamata ambiri anali ataphunzira kuseka chenjezo loona.

Chitsanzo chachiwiri chikhudza Afrika. Mu Novembala 1997 anaonetsa Starvin' Marvin, nkhani ya mwana wanjala wa ku Ethiopia amene afika ku South Park molakwika, anyamata aja atatumiza ndalama za chithandizo pofuna wochi yaulere. Muvi unalunjika pa Aamereka okhuta amene apereka zachifundo kuti adzione abwino, ndi pa Sally Struthers, amene anali kupempha ndalama zotere pa kanema. Koma Marvin analankhula ndi mau oliza lilime, onga amene amveka m'Chizulu ndi m'Chixhosa, pamene zinenero za ku Ethiopia, monga Chiamhariki ndi Chioromo, ziribe mau otero. Olembawo anatola zidutswa za Afrika wa m'maganizo ao naziphatikiza, ndipo woonera wosadziwa anatsala akuseka mwana wanjalayo. Zoterezi zinaonekanso m'sewero lao la nyimbo la 2011, The Book of Mormon, limene analemba ndi Robert Lopez, lonena za amishoni opita ku Uganda. Mu 2020 ochita seweroli akuda anadandaula za m'mene Aganda aonetsedwera, ndipo mu 2021 mau ena anasinthidwa.

Chitsanzo chachitatu ndicho choyenera kuti mphunzitsi achisunge. Mu Novembala 2005, m'gawo lotchedwa Ginger Kids, Cartman aima patsogolo pa kalasi nanena kuti ana a tsitsi lofiira ngonyansa ndi opanda mzimu. Anzake amdaya tsitsi ali m'tulo kuti alawe zowawa zake, ndipo iye atembenuka nayamba kusonkhezera a tsitsi lofiira kudana ndi ena onse. Wamkulu aona msanga kuti wosekedwa ndi Cartman, ndi kuti phunziro nlakuti tsankho nlopusa. Koma mu Novembala 2008, ku Canada, kunabuka gulu pa Facebook loitana ana kuti pa tsiku la 20 la mweziwo amenye mateche anzao a tsitsi lofiira. Ana anamenyedwadi m'masukulu, apolisi analowererapo, ndipo zotere zinachitikanso ku California mu 2009. Ana aja anatola mau a Cartman nasiya phunziro.

MAU OTSIRIZA KWA APHUNZITSI

Tsono inu amene mulikukonzekera kuima patsogolo pa kalasi, musayese kuti nkhani iyi nja kutali. Tizidutswa ta masewero otere tiyenda m'mafoni popanda chizindikiro cha msinkhu, popanda chiyambi kapena mapeto a nkhani, ndipo mwana amene aona kamphindi kamodzi amva mwano wokha. Kuletsa kokha sikukwanira, pakuti choletsedwa chikoma. Chimene mwana asowa ndi luso lakumva nthabwala, ndipo luso limeneli liphunzitsidwa m'phunziro la chinenero.

Pamene muwerenga nthano ndi ana, kapena pamene achita kasewero, azolowereni kufunsa kuti, Kodi alikulankhulayu ndani? Kodi wolemba agwirizana naye, kapena alikumuonetsa kuti timuseke? Nanga tikaseka, amene atsala ndi manyazi ndani? Mwana amene aphunzira kuti wonena mau m'nthano sali mwini nthano, ndi kuti kuchenjera kwa Kalulu sikuti nkoyenera kukutsanzira konse, sadzatenga mau a Cartman ngati lamulo. Mumphunzitsenso kusiyanitsa nthabwala imene itsitsa wodzikuza ndi imene ipondereza wofooka. Yoyambayo akulu anaidziwa pamene anati wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo dziko lopanda anthu oinena lidwala osadziwa. Yachiwiriyo mudzaipeza pa bwalo la sukulu yanu yomwe, pamene ana azungulira mnzao wachialubino, wachibwibwi, kapena wovala zong'ambika, ndipo mukawafunsa adzati, Tinali kungoseka. Pa tsiku limenelo musawamenye msanga, ndipo musapitirire ngati simunaone. Muwaitane, muwakhazike pansi, ndi kuwafunsa mmodzimmodzi kuti anene amene anaseka ndi amene sanaseke, ndi chifukwa chake.